Mutu Unapita ndi Lata

Lata la garaja ya Tokuji
linabwera usiku wa namondwe
ngati mpeni woponyedwa ndi munthu wokwiya.
M'mawa ndinapeza mtengo wathu wa sotetsu ulibe mutu,
masamba ali mbwee mpaka kumsewu wa kudoko la Naze,
thunthu lili njo, likuchucha utomoni.

Tokuji anafika ndi botolo la shochu ndi sowo.
Anapepesa kawiri, nati tingoudula,
pamenepa pakhoza kukwana galimoto.
Botolo ndinalandira. Sowo anabwerera nayo.

Mtengo uwu si mgwalangwa, ngakhale alendo amatero.
Ulibe changu. Pa chaka umatalika
mfundo imodzi ya chala.
Bambo anaupeza utafika kale m'chiuno,
ndipo chaka cha njala, nkhondo itatha,
anaswa nthanga zake zofiira,
naziviika m'madzi masiku ambiri kuti ululu uchoke.
Ine ndinakulira phala limenelo.

Sabata yachiwiri bala linayamba kununkha.
Ndinatenga supuni ya Sumie,
imene ankalawira msuzi asanagone m'chipatala,
ndi kukokota zowola,
zofewa ngati papaya logwa lokha,
kufikira chitsulo chinakumana ndi mnofu wolimba.
Ndinawaza ufa wa salufa. Utatha, phulusa.
Pamwamba ndinamangirira ambulera yothyoka
kuti mvula isagone m'dzenjemo.
Ana a sukulu podutsa ankaupatsa moni, akuseka.

Madzi ndinaumana.
Apa mpamene panandivuta,
poti dzanja likaona wodwala limathamangira chikho.
Koma muzu wopanda masamba sumwa, umangowola.
Feteleza ndinamutsekera m'shedi
kuti ndisamuone.

Miyezi khumi ndi inayi, zii.
Ndinkaugogoda ngati chivwende,
khutu pakhungwa,
kumvera ngati m'kati mwasanduka mphako.
Mwana wanga pafoni, ali ku Osaka:
Bambo, mukulera chitsa.
Sindinatsutse.
Kukhala pambali pa wosayankha
ndinali nditakuphunzira kale, pampando wapulasitiki,
chipinda chachisanu ndi chimodzi.

Tsiku lina mu Meyi,
ndikukwecha tizilombo toyera ndi mswachi wakale,
chala chinagunda kachotupa m'mbali,
pansi pa bala,
kaubweya ngati nyanga ya kamwana ka mbuzi.
Kena kuseri, moyang'ana mpanda.
Kachitatu pafupi ndi dothi, pamene galu amakodza.
Miyezi yonseyo maso anga anali pamwamba,
pamene mutu unali.

Masamba anatuluka atafumbata ngati khanda,
anthete, obiriwira mwamanyazi.
Manja ndinawaika m'thumba,
chifukwa tsamba la sotetsu ukalipotoza lili lofewa
limakhwima lopotoka, osawongokanso.
Mphepo ikamawomba kuchokera kunyanja
ndinkaima kutsogolo kwake ndi jekete lotambasula,
nkhalamba yosanduka mpanda.

Lero uli ndi mitu itatu, yonse yopendekera,
palibe umene ukufanana ndi wakale.
Tokuji akuti ukuoneka ngati anthu ochokera kumowa
ogwirana m'mapewa.
Denga lake analikhoma ndi misomali yaitali.
Dzenje la pamwamba lilipobe, louma, lakuda,
buluzi amawothera dzuwa m'menemo.

Nthanga zofiira sindidzaziona, ndikudziwa masamu ake.
Ambulera ndachotsa dzulo.
Supuni ndaitsuka kawiri ndi madzi otentha,
ndaibweza m'kabati, kumanzere,
pamene Sumie ankaiika.