Mapazi Awiri

Ntchito yanga ndi kugwira.
Dokotala Sebolai ndiye amacheka, amasoka,
amawerenga mafupa pa galasi lowala.
Ine ndimagwira khosi, ndimagwira mwendo,
ndimakolopa zotsala.
Zaka zisanu ndi chimodzi pa chipatala cha ziweto ku Randburg,
usiku wokhawokha,
manja anga amadziwa mphaka amene alume
mwiniwakeyo asanaganize.

Lachiwiri, mu Julaye, chisanu chija cha ku Joni
cholowa mpaka m'mano,
magetsi atazima dera lonse, jenereta ikutsokomola kuseri,
belu linalira thu koloko.
Pakhomo, bambo wa yunifomu ya ulonda,
galu atamukulunga m'jekete,
iye atatsala ndi shati yokha.

Thovu kukamwa.
Miyendo ikupalasa njinga yosaoneka.
Mwanadiso atachepa ngati njere ya mpiru.
Dokotala sanafunse zambiri.
Akuba amaponya soseji pamwamba pa mpanda,
m'kati mwake timchenga takuda.
Poizoni ameneyu kuno amati Mapazi Awiri:
waponda kamodzi, waponda kachiwiri, basi.

Tinamugoneka pa tebulo lachitsulo.
Ndinameta ubweya, mtsempha ukuthawa singano,
dokotala akuti gwira, gwiritsa,
jakisoni woyamba, wina, diripi,
paipi kukhosi, makala osungunula akuda bii.
Ine osadziwa, pakamwa panapulumuka zakwathu:
"Limba iwe. Usatichititse manyazi."

Bambo uja anatembenuka ngati ndamuponda chala.
"Achimwene, kumudzi n'kuti?"
"Ku Ntcheu."
"Ine ku Thyolo. Ndine Yotamu. Uyu ndi Alekeni."
Sitinapatsane chanza.
Manja onse anali pa galu.

Si wa kampani, anatero.
Anamutola ali kamwana m'ngalande ku Cosmo City,
maso asanatseguke bwino,
amagawana naye buledi ndi zipalapasiro za nkhuku.
Usiku uno Alekeni anayamba wauwa asanadye,
tochi n'kuyaka,
anthu atatu n'kulumpha mpanda kubwerera kumene anachokera.

Kenaka pepala.
Nambala yake ndinaionera patali:
malipiro a mlonda a miyezi iwiri, ndi kena pamwamba.
Anaiwerenga kawiri, milomo ikuyenda.
Anatulutsa foni yosweka galasi,
m'menemo uthenga wa mkazi wake
wonena za feteleza ndi fizi ya mwana wa Fomu 2.

Kwathu akamva adzagwa nako kuseka:
munthu wamkulu kulowa m'ngongole chifukwa cha galu!
Inenso ndinasekapo chaka changa choyamba,
nditaona chinkhwe akumuunika m'mimba ndi makina
pamene mayi anga ankadikira dokotala wa maso
kuyambira dzinja mpaka dzinja linzake.
Chimenecho chikadandibayabe pansi pa nthiti.
Kuseka kokha n'kumene ndinaleka.

Dokotala anati azilipira pang'onopang'ono, mwezi ukatha.
Yotamu anasaina dzanja likunjenjemera,
kaya n'chisanu, kaya n'chiyani.

Faifi koloko miyendo inaleka kupalasa.
Sikisi koloko mchira unagunda chitsulo.
Kamodzi kokha.
Dokotala anati tisafulumire kuvina,
chiwindi ndi impso sizinayankhulepo.
Yotamu anathamangira minibasi,
bwana akapeza pageti palibe munthu, ntchito yatha.
Jekete analisiya m'khola
kuti galu akadzidzimuka amve fungo la mwini wake,
iye n'kulowa m'chisanu chija ndi shati.

Ndatsala ndi mopu,
nambala yake ya foni ili pachikhatho panga,
inki ikusungunuka ndi madzi a sopo.
Ndikuwerenga madontho a diripi.
Pakapita kanthawi ndimagwada pakhola
n'kumuuza za mvula ya ku Thyolo imene sanaionepo,
za tiyi wobiriwira mpaka kumapiri,
zonsezo m'Chichewa,
poti n'chokhacho chimene akutukulira khutu.