Mpira wa Abusa Mpanang'ombe

M'bokosi lachitsulo, pansi pa mikanjo,
tinapeza mpira wosongoka uku ndi uku
ngati papaya lofota.
Ana anauponya pabwalo la tchalitchi cha ku Chitala.
Unanjanja kumanzere, n'kubwerera m'mbuyo,
galu wa msungichuma n'kuthawira m'thonje.

Pansi pake panali chithunzi:
anyamata makumi awiri, zipewa zachikopa kumutu,
onse oyera ngati ufa wa chinangwa,
kupatula mmodzi kumapeto kwa mzere,
phewa lake lina litadulidwa ndi wojambula.
Ndi inu, Abusa Tadeyo.
Ndakudziwirani makutu.

Ine ndinkakuimbirani belu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
chingerengere cha lole chopachika pa mtondo,
koma simunandiuzepo
kuti munakwera sitima pa Salima ndi nsapato zobwereka,
kukaphunzira kutsidya kwa nyanja yamchere
kumene anakuwombera m'manja Loweruka masana
n'kukupatsa mbale kuseri kwa khitchini madzulo.
Ndaziwerenga dzana m'kabuku kanu,
inki itasuluka, tsamba lina mbewa zitalawa.

Tsono ndiko kunachokera kutsimphina kuja!
Ife tinkati ndi nyamakazi.
Mwalemba kuti anakugwerani asanu,
wina n'kukulavulirani dzina lomwe simunalilembe,
inu n'kudzuka, mpira uli pachifuwa,
mano awiri atatsala m'matope.

Mwina n'chifukwa chake chaka cha njala
munkasenza thumba la chimanga chotero,
mutu pansi, chigongono kunja,
kupyola pakati pa mavenda a pamsika
osaima mpaka pakhomo pa mai Nasikelo akhungu aja.
Ndi makanda pa ubatizo
munkawapanira pamtima
ngati pali wina akubwera kudzakulandani.

Paguwa simunkakuwa.
Munkangoti, "Wagwa? Dzuka, nthawi ikadalipo,"
akulu ampingo n'kumadandaula
kuti ulaliki wafupika, chopereka chichepa.

Lero m'busa watsopano wabwera pa njinga yamoto.
Wafunsa ngati chinthuchi tingachitaye.
Ndachitenga ine.
Ndapita nacho kwa Sitolo wokonza njinga,
wapopa, wapopa, mpweya ukutulukira m'misoko.
Wati chikopa chinatha kale, bambo,
musataye ndalama.

Ndauika pawindo, pafupi ndi nyundo ya belu.
Mphepo ya mwera ikawomba
umagwedera pang'ono, wokha,
osadziwika mbali yomwe ugwere.