Aneni a Kusintha, Sitandade 8, Makhanga

Lachitatu, dzuwa laswa mtengo,
choko chikunyowa m'dzanja langa chisanafike pabolodi.
Bolodi lakelo ndi chitseko cha ofesi ya ahedi
chimene tinakachitola m'bango madzi ataphwa.
Mzere wa matope ukadalipo.
Ndimalemba pamwamba pake.

Lero, ana inu, aneni a Chingerezi
onena za chinthu chikaleka kukhala chimene chinali.

Mngerezi mkaka wake susasa ayi.
Amati wapita.
Wapita kuti, aphunzitsi? Zuze kumbuyoko,
wakhalira chidebe cha mafuta ophikira.
Wapita koipa, Zuze. Lemba.

Masamba ake safota, amatembenuka.
Munthu wake akadwala amati wagwa,
akagona tulo wagwanso,
ngakhale chikondi amachita kugweramo ngati m'dzenje la njerwa.
Atsikana abisa mano m'makope.
Akakalamba amati wakula,
apo pokha ndiye tagwirizana naye.

Tsono mtsinje wake ukamauma
amati ukuthamanga.

Kalasi yonse gwa! ndi phwete.
Tchapo mpaka misozi:
Kuno mtsinje ukathamanga, aphunzitsi,
nawenso umathamanga,
mbuzi paphewa, mwana kumsana!
Aseka, aseka,
kenaka kuseka kuja kwaphwa kokha,
poti aliyense wakumbukira amene sanathamange.

Chanaze sakweza dzanja kawirikawiri.
Zala zake n'zakuda ndi nyika za m'dambo
zimene amakazula m'mawa asanabwere.
Akuti:
Munda wa bambo anga unagona uli munda,
mapira atafika m'chiuno.
Unadzuka uli mchenga.
Ruo anasiya njira yake n'kudzera pakhomo pathu.
Mneni wake wa zimenezo ndi uti?

Ndatsegula buku.
Linamwa madzi nalonso, linatupa ngati chitumbuwa,
masamba makumi awiri anamatana
ndipo sindinalimbe mtima kuwamatula.
Ndalemba mneni amene ndikumudziwa,
amene adzabwere pamayeso,
ndamutchula pang'onopang'ono: bi-kamu.
Munda unabikamu mchenga.

Wandiyang'ana.
Ndi wofewa, aphunzitsi.
Akumveka ngati munda unachita kufuna.

Ndikanamuuza chiyani?
Ife tili nawo athu, aukali, a mano:
kukokoloka, kugumuka, kukwiririka,
kuola kwa chimanga m'nkhokwe yomira,
kusanduka,
mawu amene kale tinkasungira munthu wolowa m'khungu la ng'ona,
lero tikunenera sukulu imene yasanduka msasa,
bwalo la mpira limene lasanduka doko,
mlimi wa thonje amene wasanduka dzina pamndandanda wa ufa.
Koma wolemba mayeso ali ku Zomba, pamthunzi.
Wasiya kampata kamodzi, kakang'ono ngati nyemba,
akufuna liwu limodzi.

Inenso pobwera kuno tsitsi linali bii.
Ndinkati zaka ziwiri, ndipempha transifa.
Funsani Mngerezi ngati ndinapita, ndinagwa kapena ndinatembenuka.
Ndimangodziwa kuti Chisena chimandituluka ndikapsa mtima
ndipo mvula ikagunda kumapiri a Thyolo
ndimadzuka usiku kukayang'ana kamtengo kamene ndinazika pagombe.

Belu lalira, limu ya thirakitala yopachika pamtondo.
Ntchito ya kunyumba: ziganizo zisanu,
chinthu chimodzi chisinthe m'chiganizo chilichonse.

Zuze wanyamula mpando wake pamutu, akatungire madzi.
Tchapo akuthamanga, akuti akuuma.
Chanaze watsalira, akukopera za pachitseko,
ndipo pamene pali mneni uja
wasiya mpata waukulu,
woti n'kukwanamo munda.

Kunja mphepo yatembenuka.
Kumpoto kwayamba kuda.
Tonse awiri tayang'ana komweko,
osatchula mneni aliyense.