Dzina la m'mphepete mwa mendulo

Lolemba lililonse, sitolo isanatsegulidwe,
bwana Vosloo amandiikira thireyi patebulo:
mamendulo makumi atatu ndi mphambu zisanu,
kachitini ka Braso, ndi chigamba cha vesiti yakale.
Pukuta, Nangozo, koma riboni usaikhudze,
riboni yothimbirira ndiyo imakweza mtengo.

Ndinabwera ku Joni kudzasoka madiresi.
Chaka chachinayi chino ndikupukuta kulimba mtima kwa eni ake
m'sitolo ya zinthu zakale mumsewu wa Long,
pakati pa mawotchi oima ndi mipando yomwe inaiwala okhalapo.

Ambiri ndi a azungu: Swanepoel, Hargreaves, Du Toit.
Ana awo anakwera ndege, nyumba inagulitsidwa,
katundu anabwera palole.
Nkhondo yonse ya munthu
imakwana m'chitini cha mabisiketi.

Koma mu Juni, chisanu chikuluma zala,
ndinatembenuza ina yasiliva,
mfumu ya ku Mangalande itafufutika mphuno,
ndipo m'mphepete, m'timalemba tonga mapazi a nyerere:
4417 PTE. LIKAOMBA 1/K.A.R.

Ndinakhala pansi, chigamba chili m'manja.
Likaomba.
Dzina loti ukalitchula fumbi la pa Jali limakulowa m'kamwa.
Likaomba wakabaza wa njinga yopanda belu.
Likaomba wa m'kalasi mwathu, uja ankathawa masamu.

Msilikali wa Keyala iwe, unafika bwanji kuno?
Ife tinadzera pa Mwanza, pa Nyamapanda, pa Beitbridge,
kusiya ya fanta pachipata chilichonse.
Iwe unalowera pati?
Kodi mwana wako anakumanga m'mpango popita ku Wenela,
nakupinyolitsa mwezi umene chifuwa cha m'mgodi chinamugwetsa?
Kapena menduloyi sunaione n'komwe,
inasulidwa utagona kale m'thengo la ku Tanganyika,
mapazi ali ming'alu yokhayokha,
chifukwa akuti inu munkaguba opanda nsapato?

Ndinafunsa bwana kuti munthuyu anachitanji.
Anatsegula buku lake, nayendetsa chala, natseka.
Palibe, anatero. Iyi ankapatsa aliyense amene anapita.

Aliyense amene anapita.
Ngati kupita n'kochepa.

Mtengo wake marandi zikwi ziwiri ndi mazana anayi.
Ine pondidikira pali lendi ya ku Rosettenville,
takisi ziwiri popita, ziwiri pobwera,
ndi fizi ya Chiyanjano kumudzi.
Komabe ndinayamba kuikankhira kumbuyo kwa thireyi,
pansi pa nyenyezi yamkuwa ya Hargreaves,
n'kumaponya makumi asanu m'sokosi sabata iliyonse.
Ndinkati ndidzaitumiza pabasi, dalaivala akafunse pa Jali;
sangalephere kupezeka wina wa mphumi yofanana nawe.

Ndinafika pa mazana asanu ndi atatu.

Loweruka lina kunalowa mkulu wa kabudula wakhaki
ndi galasi lokulitsira zinthu.
Anati akusowa mmodzi wa ku Nyasalande
kuti mzere wake wapakhoma ukwane.
Sanatsitse ndi senti yomwe.
Anandiyamikira kuti ndili ndi dzanja labwino.
Wokulunga ndinali ine.

Koma ndisanamate tepi, kuseri kwa kauntala,
ndinakuta m'mphepete mwake ndi lisiti yakale
n'kupakapaka ndi pensulo msangamsanga
mpaka dzina linatuluka loyera pakati pa mdima.

Kapepalako kali m'pasipoti yanga,
imene masiku ake anatha chaka chatha.
Apolisi akaimitsa takisi pa Bree
ndimapanikiza chikwama pachifuwa, pomwe pamakhala mendulo.
Tili awiri, Likaomba, opanda chilolezo chokhalira.
Ima nji, msilikali. Usatsokomole.

Ndalama za m'sokosi zija ndinagula bulangete,
zina ndinatumiza kwa mwana.
Zotsala, pa kaunjika wa mumsewu wa De Villiers,
ndinagula nsapato zachimuna, saizi naini.
Zili pansi pa bedi.
Lolemba lililonse ndikaweruka ndimazipukuta.