Mizere ya M'thabwa

A Chavula analemba pa bolodi ndi choko chonyowa,
poti Juni wa ku Mzuzu salola kanthu kuuma:
Fotokozani phiphiritso la m'ndakatuloyi. Malikisi khumi.

Ndakatuloyo inali ya mtengo,
ndime zinayi ngati miyendo ya tebulo.
Mbande ndi khanda, anatero,
mtengo wanthete ndi mnyamata wothamangira dzuwa,
wamthunzi ndi kholo,
wogwawo ndi nkhalamba. Basi, tsekani makope.

Ndinatsika nayo ku Chibavi m'chikwama,
matope akundilanda nsapato,
a kabaza akundiimbira belu kumbuyo.

Adada ndinawapeza pa shedi
akupala thabwa ndi dzanja limodzi,
lomwe sitiroko inawasiyira chaka chatha.
Linalo limagona m'thumba la jekete,
silidzuka ngakhale muliitane.
Ndinawawerengera mokweza, kupikisana ndi mvula ya pa malata.
Anamvetsera mpaka mtengo unagwa.

Kenako? anafunsa.
Yathera pomwepo, adada.

Anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa.
Tiyezge, mlakatuli wakoyu sanagwirepo sowo.
Waona mtengo wagwa, wathawira kunyumba kukalemba,
mmene ife tikuvula malaya kuti ntchito iyambe.

Anakoka chidutswa cha paini wa ku Chikangawa,
nachipukuta utuchi ndi chigongono.
Werenga apa, leka pepalalo.
Mizere yozungulira, wina mkati mwa unzake.
Kakang'ono ka pakatika ndi mbande ija.
Sinapite kulikonse.
Mtengo sutaya ubwana wake, umangouveka malaya
chaka ndi chaka, mpaka osaonekanso.
Ukandiona ndikukwiyira supuni yogwa,
ndi kameneka kakulira.

Chala chawo chinayenda pang'onopang'ono.
Mzere wonenepawu, mvula inagwa bwino.
Wowondawu, chilala.
Chakudachi ndi moto wa osaka mbewa,
unapsa koma sunauze munthu.
Apa pali mfundo, panali nthambi, anaidula.
Pamfundo m'pamene pamabunthitsa mpeni,
m'pamenenso pamakongola ukapaka vanishi.

Sanatchule dzina la amama.
Chala chokha chinachedwa pamenepo.

Nanga ukagwa? ndinafunsa.
Ukagwa umayamba kufunsidwa kuti ukhala chiyani.
Wina chitseko, kumva zinsinsi za nyumba zaka makumi atatu.
Wina bedi, anthu nkubadwirapo.
Wina benchi ya ku chipatala, kunyamula odikira.
Wina, inde, bokosi,
koma limenelonso ndi ntchito, limaperekeza munthu.
Ngakhale utuchi amadzagula amayi a nkhuku a ku Mchengautuwa.

Ndiye inu muli ndime iti, adada?

Anayang'ana dzanja logona lija.
Aphunzitsi ako anena kuti yachinayi.
Ine ndikuti andicheka kumene,
ndikuuma, sindinadziwe chomwe ndikhale.
Gwira uko, thabwali likuthawa.

Ndinagwira. Tinapala mpaka magetsi anazima.

Lolemba ndinalemba zonse za a Chavula,
khanda, mnyamata, kholo, nkhalamba,
mwadongosolo ngati ana pa mzere wa phala.
Pansi pake ndinawonjezera kuti
ndakatuloyi ikusowa ndime yachisanu,
ndipo zinayi zija sizitsatana ngati mabasi a pa depoti,
zimakhala pamodzi, ina m'mimba mwa inzake.

Pepala linabwera Lachinayi.
Zisanu ndi chimodzi pa khumi.
Inki yofiira m'mphepete: Zachokera kuti izi?
Yankha zomwe wafunsidwa.
Koma pansi penipeni, ndi pensulo, timalemba tating'ono:
Bambo anga analinso mmisiri. Udzandipeze pa buleki.

Sindinapite msanga.
Ndinakhala kaye pa desiki langa, chifunga chikulowa pa zenera losweka,
ndikupapasa kunsi kwa thabwa
kumene adada amakhoma chizindikiro chawo,
timisomali titatu, pa desiki lililonse lomwe anapanga
kale manja onse ali maso.

Ndinatipeza.
Mtengo wogwa zaka khumi zapitazo
unali utandinyamula chigongono teremu yonse,
osanena kanthu.