Tepi ya Yotamu

Anatibwezera thumba lako lobiriwira,
nsapato imodzi yopanda chingwe,
ndi tepi yoyezera, yachikasu,
yothimbirira ndi katondo wa ku Chadiza
mpaka pa mamita anayi.
Kupitirira apo ndi yoyera.

Unali mwana wovuta, Yotamu.
Unaphwasula wilibala ya atate
kuti uone chimene chikuliritsa gudumu.
Khola la nkhunda unalimanga ndi chingwe cholungamitsira,
ife tikuseka: kodi nkhunda zimadziwa ngodya?

Atakuika nyenyezi ziwiri paphewa
unatsika basi ya ku Lusaka nsapato zikuwala,
nkhani zako zonse zili za simenti ndi mabawuti.
Za mfuti sunatiuzepo.

Akuti m'mawa umenewo unagwada pamsewu wa kumalire
ukupalasa dothi ndi nsonga za zala
ngati munthu wofukula nshawa.
Anyamata ako unawauza abwerere m'mbuyo.
Mabomba asanu ndi awiri unawatulutsa ali gone.
Lachisanu ndi chitatu linali maso.

Mwana wanga wachisamba wakupitirira zaka tsopano.

Ulalo wako ukadalipo.
Malole a thonje amaugwedeza,
ng'ombe zapangolo zimayamba zaima, kununkhiza, n'kuwoloka.
Palibe chikwangwani.
Ana asukulu amangoti "pa Zitsulo".

Dzulo ndinatsika njinga pakati pake,
n'kukoka tepi yako pa thabwa lina lomwe lawola.
Mamita atatu ndi theka.
Ndikagula Loweruka ku Kapata,
misomali ndili nayo kale.