Shedi ya ku Keflavík

Januwale. Dzuwa langosuzumira maola anayi n'kubwerera.
Hallgrímur akupukuta fumbi pa mafani
m'shedi momwe makina zikwi zitatu akulira ngati njuchi zoputidwa,
onse kusaka nambala imodzi.

Mlongo wake Steinunn, wophunzitsa fizikisi ku Reykjavík,
wabwera ndi khofi m'fulasiki.
"Kiripito yakoyi ndi kutentha chabe," akutero.
"Nthunzi ya pansi pa nthaka isanduka magetsi,
magetsi asanduka nambala,
chotsala chituluka padenga kukasungunula chipale."

"Ndiye malipiro anga ndi nthunzi?"

Aseka. Ayamba za makina a kwantamu,
ozizira kuposa mdima wa pakati pa nyenyezi,
momwe kanthu kamakhala inde ndi ayi pamodzi
bola usakasuzumire.
Tsiku lina adzathyola maloko onsewa, akuti.
Liti? Angokweza mapewa.

Hallgrímur zamupita pamwamba.
Chomwe adziwa n'chakuti mtengo ukagwa ku Seoul
bwana amaimba foni usiku,
iye n'kuzimitsa mzere wachisanu.
M'mawa denga limachita chisanu,
makhwangwala ogona pamenepo n'kusamuka.